Tayala lakumbuyo la njinga yamoto ya matayala atatu likudyeka msanga: ndisinthe limodzi kapena onse, ndipo ndigule otani?

Funso ili lachokera kwa bambo wina wa ku Matawale mumzinda wa Zomba. Bamboyu ali ndi njinga yamoto ya matayala atatu, ya ngolo kumbuyo, imene amanyamulira mpunga ndi nsomba zouma kuchokera ku Kachulu kupita nazo kumsika waukulu wa Zomba, ndipo masiku ena amapeza maganyu onyamula simenti kupita ku Sadzi ndi ku Chinamwali. Akuti matayala akumbuyo, a saizi ya 5.00-12, sakukhalitsa, ndipo lakumanzere ndi limene likutha msanga, makamaka m'mphepete mwake. Akufuna kudziwa ngati angasinthe lakumanzere lokhalo, popeza lakumanja likadali ndi mano, komanso ngati ndi bwino kuika matayala a kaunjika a galimoto zing'onozing'ono, amene anzawo ena ayamba kuika chifukwa ndi otsika mtengo.

Bambo, musanapite kusitolo, vulani tayala lakutha lija, mulitsuke matope, mukhale nalo pansi ndi kuliyang'anitsitsa, chifukwa madyekedwe ake ndi amene angakuuzeni chimene chikulidya. Mukagula latsopano musanadziwe chimenechi, nalonso lidzadyeka pamalo omwewo ndiponso pa liwiro lomwelo, ngakhale litakhala la kampani yabwino chotani. Eni njinga ambiri amafulumira kunena kuti matayala a masiku ano ndi achinyengo. Ena ndi achinyengodi, koma nthawi zambiri tayala limene latha mbali imodzi, mbali inayo idakali ndi mano, limakhala kuti laphedwa ndi njinga yake, katundu wake kapena mpweya wake.

Njinga ya matayala atatu imagwiritsa ntchito matayala ake mosiyana ndi njinga ya kabaza. Ya matayala awiri imapendekeka ikamakhota, n'chifukwa chake tayala lake ndi lamsana wozungulira, kuti pokhota m'mbali mwake muzigunda pansi. Yanuyo sipendekeka. Matayala akumbuyo amaima chilili nthawi zonse, ndipo pokhota kulemera kwa katundu kumakankhira ku tayala lakunja kwa kona, limene limapindikira m'mbali n'kumakhula msewu ndi phewa lake. Matayala awiri omwewo ndi amene amasenza gawo lalikulu la katundu, ndi amene amakankha njinga pokwera chitunda, ndipo pa njinga zambiri zonyamula katundu ndi amenenso amagwira ntchito yaikulu pomanga mabuleki. Choncho musadabwe akamatha msanga kuposa lakutsogolo. Chimene sichiyenera kuchitika ndi chakuti limodzi lizitha mnzake akadali bwino, kapena kuti lizitha mbali imodzi.

Pa nkhani ya tayala lakumanzere, mbali ina ya vutoli ndi misewu yathu. M'Malawi timayenda kumanzere, ndipo msewu umamangidwa motukuka pakati kuti madzi a mvula azitsetserekera m'mbali. Njinga yolemera imene ikuyenda m'mphepete mwa msewu imakhala yopendekera kumanzere ulendo wonse, motero tayala lakumanzere limasenza kuposa lakumanja. Komanso njinga ngati yanuyi imayenda pang'onopang'ono, ndipo pa msewu wa M3 mumakakamizika kupatuka minibasi kapena lole ikamabwera kumbuyo. Pamenepo tayala lakumanja limatsala pa tala pamene lakumanzere likuyenda pa miyala, pa mchenga ndi pa mkombero wa tala wophwanyika, umene umacheka mphira ngati mpeni. Ngakhale pa raundi, poti timazungulira mokhotera kumanja, kulemera kumapita kumanzere komweko. Kusiyana pang'ono pakati pa matayala awiriwo n'kwachibadwa, ndipo mankhwala ake ndi kuwasinthanitsa nthawi ndi nthawi, lakumanzere kupita kumanja, lakumanja kupita kumanzere. Ingoyang'anani ngati m'mbali mwa tayala muli muvi wosonyeza kumene liyenera kuzungulira, chifukwa tayala lotere silingosamutsidwa pamodzi ndi limu yake. Liyenera kuvulidwa ndi kutembenuzidwa kuti muviwo uzilozabe kutsogolo.

Koma inu mwanena kuti likudyeka m'mphepete, ndipo apa m'pofunika kusiyanitsa. Ngati mapewa onse awiri atha pamene pakati pakadali mano, ndiye kuti tayalalo lakhala likuyenda ndi mpweya wochepa poyerekeza ndi katundu amene lasenza. Tayala lofewa limaphwatalala, pakati pake pamalowa m'kati, ndipo mapewa ndi amene amatsala akukhula pansi. Ngati patha pakati pokha, mpweya unachuluka, kapena njinga imayenda nthawi zambiri yopanda katundu matayala ali opopedwa ngati yadzaza. Ngati latha phewa limodzi lokha, lakunja kapena lam'kati, mpweya si umene walakwa. Pali chitsulo chimene chapindika kapena chasuntha. Ngati mukamayendetsa dzanja pamwamba pa tayala mukumva timapiri ndi timaenje totsatizana, ganizirani za mabeling'i otha, mashoko akufa kapena limu yopindika. Ndipo ngati pali malo amodzi kapena awiri operepeseka kwambiri pamene kwina konse kuli bwino, ndiye kuti buleki ya mbali imeneyo imagwira mwadzidzidzi n'kukhwekhwereza tayala.

Zonsezi mungaziyeze nokha pakhomo, kapena ndi amakaniko anu, popanda makina odula. Njinga za ngolo zimene zimachokera ku China zambiri zili ndi ekiselo imodzi yolimba kumbuyo, ya difu pakati (bokosi la magiya limene limagawira matayala awiriwo mphamvu ya injini), yomangiriridwa pa masipuling'i a zitsulo zosanjikizana. Pakati pa masipuling'iwo pali bawuti limene limagwira zitsulozo pamodzi ndiponso kusunga ekiselo pamalo pake. Bawuti limeneli likaduka, zimene zimachitika kawirikawiri njinga yodzaza ikagwera m'dzenje, kapena mabawuti opindika amene amakumbatira ekiselo akamasuka, mbali imodzi ya ekiselo imabwerera m'mbuyo pang'ono. Kuyambira tsiku limenelo njinga imayenda chammbali, ndipo matayala amakhula msewu pa mita iliyonse ngakhale mukuyenda mowongoka. Tengani tepi kapena chingwe chosatamuka, muyeze kuchokera pa malo amodzi apakati kutsogolo kwa chesesi kufika pakatikati pa wilo yakumanzere, kenako kufika pakatikati pa wilo yakumanja. Miyezo iwiriyo iyenera kufanana. Muthanso kupempha munthu kuti aziyendetsa njingayo molunjika inu mutaima kumbuyo. Ngolo ikamaoneka ngati ikulowera kwina pamene mutu ukulowera kwina, musaguliretu matayala.

Mukatero, kwezani kumbuyo ndi jeke, mutatsekera tayala lakutsogolo ndi mwala. Gwirani tayala pamwamba ndi pansi, mulikankhe ndi kulikoka; likamagwedera, mabeling'i atha kapena manati amasuka. Lizungulitseni ndi dzanja n'kumvetsera ngati likulira kapena kukhula penapake. Gwirani choko pafupi ndi m'mbali mwa tayala pamene likuzungulira: chikamalemba mbali ina n'kulumpha mbali ina, limu kapena shafti yapindika. Za mabuleki, pezani malo afumbi opanda anthu, muyende pang'onopang'ono njinga ili yopanda katundu, mumange buleki mwamphamvu, kenako mutsike n'kuona mikwasa. Mikwasa iwiriyo iyambire pamodzi ndipo italike mofanana. Ngati wakumanzere wayamba msanga, ndodo kapena waya wa buleki wa mbali imeneyo wamangidwa kwambiri. Njira ina ndi kuyandikitsa dzanja pa madilamu a mabuleki mukangofika kuchokera pa ulendo, mosamala kuti musapse. Dilamu imodzi ikatentha kwambiri kuposa inzake, buleki imeneyo ikugwira ngakhale musanaiponde.

Ine ndikukayikira kwambiri mpweya ndi katundu, chifukwa ndi zimene zimapha matayala ambiri pa ntchito ngati yanuyi. M'mbali mwa tayala lililonse mwalembedwa kulemera kumene lingasenze ndiponso mpweya umene liyenera kukhala nawo kuti lisenze kulemera kumeneko. Nambala ziwirizi zimayendera limodzi: tayala silingasenze katundu wolembedwayo ngati mpweya uli wochepa kuposa wolembedwawo. Anthu ambiri amapopa ndi pampu ya njinga yakapalasa n'kuyesa pomenya tayala ndi chibakera kapena sipanala, koma tayala lolimba la 5.00-12 limamveka louma ngakhale mpweya utatsika kwambiri, chifukwa m'mbali mwake ndi mokhuthala. Gulani geji yanuyanu, ndi kachipangizo kakang'ono kolowa m'thumba, ndipo muziyeza m'mawa njinga isanayende, kamodzi pa sabata kapena kuposa apo. Mukayeza masana mutayenda, makamaka m'mwezi wa October pamene tala watentha, geji idzaonetsa mpweya wokwera, ndipo umenewo musauphwetse. Tayala likazizira udzabwerera pamalo pake. Tsatirani mlingo umene opanga njinga analemba m'buku kapena pa kachitsulo ka pachesesi, ndipo musapitirire umene walembedwa pa tayala.

Tayala lofewa limapindika ndi kuwongoka nthawi iliyonse likamazungulira, ndipo kupindika kumeneko kumalitenthetsa m'kati mpaka ulusi wake kuyamba kulekana ndi mphira. Kuwonongeka kotere sikuoneka kunja ndipo sikubwerera ngakhale mudzapope bwino mawa lake. Pambuyo pake mumangoona chotupa m'mbali, kapena tayala kuphulika pa msewu wosalala popanda msomali uliwonse.

Tiwerengere katundu. Thumba la simenti ndi makilogalamu 50, ndipo matumba 12 ndi makilogalamu 600. Matumba a mpunga ochokera kunyanja ya Chilwa, aja osokerera pamwamba, amapitirira makilogalamu 50 ngakhale thumbalo linalembedwa choncho, ndipo mpunga ukakhala wosauma bwino umalemera koposa. Pamwamba pa zimenezi onjezani kulemera kwa ngolo, ekiselo ndi masipuling'i, komanso mwini katundu amene amakonda kukhala pamwamba pa matumba ake. Pafupifupi zonsezi zili pa matayala awiri. Kapakiridwe nakonso n'kofunika. Anyamata opakira amaponya matumba kuchokera mbali imene aima, ndipo njinga ikaima m'mphepete mwa msewu mbali imeneyo imakhala yakumanzere. Muziimirira pomwepo popakira, matumba olemera apite pakati ndi chakutsogolo kwa ngolo, pamwamba pa ekiselo kapena patsogolo pake pang'ono, ndipo amangidwe kuti asasunthe pa mabampu. Katundu wolendewera kumbuyo kwa ekiselo amapepula tayala lakutsogolo, chiwongolero n'kuyamba kusamvera, ndipo amawonjezera mtolo pa matayala akumbuyo kuposa kulemera kwake kwenikweni.

Tsopano ku funso lanu loyamba. Langizo langa ndi lakuti musinthe onse awiri nthawi imodzi, akhale a kampani imodzi, saizi imodzi ndi mtundu umodzi wa mano, ndipo lakumanja limene likadali bwinolo likhale sipeya. Ndikudziwa kuti ndi ndalama zambiri pa nthawi imodzi, makamaka chifukwa matayala amenewa amachokera kunja ndipo mitengo yake inakwera kwambiri kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023. Koma chifukwa chake n'chomveka. Tiyerekeze kuti tayala latsopano lili ndi mano akuya mamilimita 8 kuposa lakale. Ndiye kuti ndi lalitali mamilimita 16 kuchokera pansi kufika pamwamba, ndipo likazungulira kamodzi limayenda pafupifupi masentimita 5 kuposa lakalelo. Pa kilomita imodzi, tayala lakale liyenera kuzungulira pafupifupi ka 16 kuposa latsopano. Difu inapangidwa kuti izilola matayala kuzungulira mosiyana pokhota, ndipo kusiyana kotereku sikungaiswe tsiku limodzi monga ena amaopsezera, koma timagiya take tam'kati timakhala tikugwira ntchito ngakhale pa msewu wowongoka, pamene tinayenera kupuma.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri si difu koma mabuleki ndi matope. Matayala awiri osiyana mano sagwira msewu mofanana. Mukamanga buleki mwadzidzidzi pa tala wonyowa, lakale limatsetsereka pamene latsopano lagwira, ndipo njinga imatembenukira mbali imodzi. Njinga ya matayala atatu yodzaza matumba ikatembenuka chotero sichedwa kugubuduka, chifukwa kutsogolo ili ndi tayala limodzi lokha loichirikiza. M'matope namo, difu wamba imapereka mphamvu yofanana ku matayala onse, ndipo mphamvuyo singapitirire imene tayala losagwira bwino lingathe kulandira. Lakuthalo likayamba kuzungulira pamalo amodzi, latsopano limangoima osakuthandizani. Aliyense amene anatitimirapo m'dothi lamakande la m'chigwa cha Chilwa mu January amadziwa zimenezi. Ngati ndalama zavutadi ndipo lakumanja langodyeka pang'ono, mungagule limodzi, koma likhale lofanana ndendende ndi limene latsalalo, latsopano muliike kumanzere kumene ntchito ndi yambiri, ndipo muyeze ndi chingwe kuzungulira matayala onse awiri atapopedwa mofanana kuti muone ngati sakusiyana kwambiri.

Nthawi yosinthira tayala isamadikire kuti ulusi uonekere. M'ngalande za matayala ambiri muli timizere tamphira totukuka, ndipo malo ake amasonyezedwa m'mbali ndi zilembo TWI kapena kachizindikiro ka makona atatu. Pa matayala a galimoto timizere timeneti timakhala pa mamilimita 1.6, ndipo mano akafanana nato tayalalo latha. Kwa inu amene mumayenda m'matope, mlingo umenewo ndi wochedwa kale. Mano a mamilimita 3 sakumba kanthu m'dothi loterera. Popeza kuno mvula imayamba cha mu November ndipo Zomba imalandira mvula yambiri, ndi nzeru kukonzekera kuti matayala atsopano azilowa mvula isanagwe, akale n'kumalizira moyo wawo m'chilimwe. Tayala la chotupa, long'ambika m'mbali kapena loonekera ulusi lichotsedwe tsiku lomwelo ngakhale mano akadalipo. Chigamba chachikulu chimene omata matayala amaika m'kati mwa tayala long'ambika m'mbali chingakufikitseni kunyumba, koma si chonyamulira simenti.

Funso lachiwiri, la matayala a galimoto, lili ndi mbali ziwiri zimene anthu amazisokoneza. Kuika tayala la mtundu wa galimoto kumbuyo kwa njinga ya matayala atatu si kulakwa mwa iko kokha, chifukwa tayala lamsana wafulati ndi limene likuyenera pa njinga yosapendekeka, ndipo 5.00-12 yanuyo inapangidwa kale motero. Cholakwika chingakhale kuika tayala lamsana wozungulira la njinga ya matayala awiri, limene lingagunde pansi ndi kamzere kapakati kokha n'kutha posachedwa. Vuto lili pa mtundu wa galimoto imene tayalalo linapangidwira. Tayala lolowa pa limu ya mainchesi 12, ngati yanuyo, la galimoto yaing'ono yonyamula anthu lili ndi m'mbali mofewa ndipo limasenza zochepa. Pambuyo pa saizi pamalembedwa nambala yosonyeza mphamvu yake: 69 ndi makilogalamu 325, 73 ndi makilogalamu 365, 74 ndi makilogalamu 375, 80 ndi makilogalamu 450, 84 ndi makilogalamu 500, ndipo 88 ndi makilogalamu 560. Matayala awiri a nambala 73 onse pamodzi amasenza makilogalamu 730, ndipo matumba 12 a simenti kuphatikiza ngolo ndi ekiselo apitirira kale pamenepo.

Pali matayala ena a mainchesi 12 amene anapangidwira timagalimoto tonyamula katundu ta ku Japan monga Suzuki Carry ndi Daihatsu Hijet. Amalembedwa 145R12 6PR, 145R12 8PR kapena 145/80R12 80/78N, ndipo ena a mtundu womwewo ali ndi chilembo C kapena LT. Amenewa ndi olimba ndipo angagwire ntchito pa njinga imene imayenda kwambiri pa tala ndi katundu wosapitirira muyezo. Chilembo R chikusonyeza kuti ndi radial, mtundu umene sutentha kwambiri, umakhalitsa pa tala ndipo umapepukitsako mafuta. Koma dziwani zimene mukutaya. Tayala la 145/80R12 ndi lalitali pafupifupi masentimita 54, pamene la 5.00-12 limafika masentimita 56 kapena kupitirira pang'ono. Njinga imatsika kumbuyo, difu imayandikira pansi pa msewu wa mikwasa yakuya, ndipo injini imazungulira kwambiri kuti muyende liwiro lomwe lija, ngakhale kuti pokwera chitunda imapezako mpumulo. Chachikulu n'chakuti m'mbali mwa tayala la radial ndi mopyapyala poyerekeza ndi la mtundu wakale la 5.00-12, ndipo mwala wakuthwa kapena chitsa umaliboola mosavuta pamalo osamatika. Ndipo musayerekeze kuika radial mbali imodzi, la mtundu wakale mbali inayo. Awiriwa amapindika mosiyana pokhota ndi pomanga buleki.

Chifukwa cha msewu wa ku Kachulu ndi kulemera kwa katundu wanu, ine ndingakhalebe pa 5.00-12, ndipo ndingasankhe a 8PR kapena kuposa apo m'malo mwa 6PR. Zilembo PR zimasonyeza kulimba kwa thupi la tayala, ndipo nambala ikakwera tayalalo limalola mpweya wambiri ndi katundu wambiri. Komabe yerekezani makilogalamu olembedwa pa matayala enieniwo, chifukwa makampani ena amalemba nambala yaikulu pa tayala lopepuka. Linyamuleni ndi manja, mupinde m'mbali mwake, muyerekeze ndi la kampani ina musanalipire. Makampani a ku India monga MRF, CEAT ndi TVS amadziwika pa matayala a njinga za matayala atatu, ndipo a ku China alipo abwino ndi osalimba, choncho dzina la dziko lokha lisakugulitseni kapena kukuletsani. Pa mano, a mizere yoyenda motsatira tayala ndi abwino pa tala ndi kutsogolo, pamene a zibuma zikuluzikulu zopingasa amakumba bwino m'matope koma amalira ndi kudyeka msanga pa tala wotentha. Kwa munthu woyenda misewu yonse iwiri, a mano osakaniza, a mzere pakati ndi zibuma m'mapewa, ndi amene amapindulitsa.

Za kaunjika ndilankhula mosabisa: pa ekiselo yosenza katundu ine sindingawaike. Tayala lakale mumaona mano ake okha, koma simudziwa kuti linayenda lofewa kangati, linagunda chiyani, kapena linakhala padzuwa zaka zingati. Ngati mwasankhabe kutero, werengani zaka zake. M'mbali mwa tayala, kumapeto kwa mzere wa zilembo umene nthawi zambiri umayamba ndi DOT, pali manambala anayi. Awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka. Pakalembedwa 2319, tayalalo linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2019. Makampani ambiri amalangiza kuti tayala likapitirira zaka 5 liziyang'aniridwa mosamala chaka chilichonse, ndipo likafika zaka 10 lichotsedwe ngakhale likuoneka bwino. Nambala imeneyi muziiyang'ananso pa tayala latsopano, chifukwa lina limakhalitsa m'sitolo. Yang'anani m'kati mwa tayala ndi tochi, mufufuze zigamba, makwinya ndi fumbi lakuda la mphira, limene limasonyeza kuti linayendapo litaphwa. Chenjeraninso ndi matayala amene mano ake anachita kugobedwanso ndi mpeni wamoto. Ngalande zake zimaoneka zatsopano ndi zosawongoka bwino, timizere ta TWI palibe, ndipo pansi pake patsala mphira wochepa kwambiri pamwamba pa ulusi. Ena mwa matayala ochokera ku Japan anapangidwira chipale chofewa, ali ndi timing'alu tambirimbiri pa mano ndipo mphira wake ndi wofewa. Pa tala wathu wotentha amenewo satenga nthawi.

Kuti mudziwe tayala lotsika mtengo lenileni, lembani m'kabuku tsiku limene mwaika, mtengo wake ndi makilomita a pa mita ya njinga, kapena chiwerengero cha maulendo ngati mitayo inafa. Likadzatha mudzagawe mtengo ndi makilomitawo. Powerengera musaiwale machubu amene linakuwonongerani ndi masiku amene nsomba za makasitomala zinagona panjira.

Tsiku loika matayala, musalole kuti chubu chakale chibwerere m'tayala latsopano. Chubu chakale chinatamuka kale, chimapindika m'kati, ndipo pa khwinya pamenepo ndi pamene chimabooka. Chikhale cha saizi yolingana ndi tayala. Limu itsukidwe dzimbiri ndi kuyang'aniridwa ngati ili ndi ming'alu pafupi ndi mabowo a mabawuti. Tayala lolembedwa tubeless limasunga mpweya popanda chubu pokhapokha ngati limu inapangidwira zimenezo ndipo sinapindike. Pa limu wamba liyenera kuikidwa chubu. Manati amangidwe mopingasa, osati motsatizana, ndipo muwamangenso mukabwera ku ulendo woyamba wa katundu, chifukwa amakonda kumasuka wilo ikakhazikika.

Kwa owerenga amene ali ndi njinga zonyamula anthu monga Bajaj RE ndi TVS King, zambiri mwa izi zikukhudzaninso, koma pali kusiyana. Matayala anu ambiri ndi a 4.00-8, ang'onoang'ono, amene amazungulira kwambiri pa kilomita iliyonse ndipo amamva msanga mpweya ukachepa. Injini ili kumbuyo, ndipo wilo iliyonse yakumbuyo ili pa mkono wakewake m'malo mwa ekiselo imodzi yolimba, choncho mabushi a mkonowo akatha kapena sipuling'i ikafooka, wilo imapendekeka n'kumadya tayala phewa limodzi. Malimu ambiri a saizi imeneyi ndi a zidutswa ziwiri zomangidwa ndi mabawuti, ndipo mabawuti olumikiza zidutswazo asamasulidwe tayala lili ndi mpweya. Phwetsani kaye mpweya wonse pochotsa kamtima ka valavu, chifukwa zidutswazo zikalekana ndi mphamvu ya mpweya zimavulaza koopsa.

Inu bambo a ku Matawale, matayala atsopano akalowa ndipo ekiselo, mabeling'i ndi mabuleki zakonzedwa, chitani kayezedwe kamodzi komaliza. Pakirani katundu wanu wa masiku onse, mujambule mzere wokhuthala wa choko wopingasa pa mano a tayala lililonse kuchokera phewa kufika phewa, ndipo muyende molunjika mamita ochepa pa tala wosalala. Choko chikafufutika mofanana, tayala likugunda pansi bwino. Chikatsala pakati, onjezani mpweya popanda kupitirira mlingo wolembedwa pa tayala, ndipo ngati mwafika kale pa mlingowo, chepetsani matumba. Chikafufutika phewa limodzi lokha, bwererani kwa amakaniko akayezenso ekiselo musanayambe maulendo a ku Kachulu.